Azakhali atamva "siteji 4" anayamba kugawa zitenje

Tsiku limene dokotala anawauza azakhali anga kuti khansa ya m'mawere yalowa m'mafupa, sanalire. Anafika kunyumba, n'kutsitsa sutikesi, n'kuyamba kugawa zitenje. Ichi cha mlamu wawo, ichi cha mnzawo wa kumpingo. Ine anandipatsa chobiriwira chimene ankasunga kuti adzatchene pa ukwati wanga.

"Tenga iwe, uzindikumbukira. Ine zanga zatha," anatero.

Nthawi imeneyo anali ndi zaka 46. Kachotupa anakamva kalekale m'bere lakumanzere, koma poti sikankapweteka, anangoti katha kokha. Atapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu anapatsidwa maantibayotiki kawiri konse. Kenako kunabwera zitsamba, kunabwera mapemphero a kuphiri, mpaka msana unayamba kuwawa. Pomwe ankawadula kanyama kokayeza ku labu, chaka ndi miyezi ingapo zinali zitadutsa, bere litachita bala.

Pakhomo pathu wokhala ndi foni ya intaneti ndinali ine, ndiye ugadiyani unagwera ine. Ngati muli ndi zaka za m'ma 20 ndipo m'banja mwanu munagwapo matenda aakulu, mukudziwa mmene zimakhalira. Wowerenga mapepala a kuchipatala ndiwe, wolandira ndalama pa foni ndiwe, woyankha achibale pa gulu la WhatsApp ndiwenso. Usiku umenewo ndinatha bandulo yonse pa Google. Ndinapeza masamba a Chingerezi okamba za mankhwala a mitengo ya m'madola, ndi ziwerengero zimene zinandisowetsa tulo.

Koma chimene chinawasunga azakhali pa chithandizo sindinachipeze pa Google. Anali mayi wina wovala duku amene tinakhala naye benchi limodzi kuchipatala. Ndisanafike kwa mayiyu, tiyambe ndi mawu amene anawaopsa azakhali aja.

Akati "yafalikira" akutanthauza chiyani?

Madokotala amagawa khansa ya m'mawere m'masiteji. Pa siteji 1 ndi 2 chotupa chimakhala chisanapite patali. Pa siteji 3 chimakhala chakula, mwina chagwira khungu kapena chifuwa, kapena chafika mu anabere ambiri a m'khwapa, koma sichinafike ku ziwalo zakutali. Pa siteji 4 maselo a khansa amakhala atayenda ndi magazi n'kukamera kwina, kawirikawiri m'mafupa, m'mapapo, m'chiwindi kapena mu ubongo. Ngakhale ili m'fupa, imakhalabe khansa ya m'mawere, ndipo mankhwala ake ndi a khansa ya m'mawere.

Kusiyana kwa siteji 3 ndi 4 n'kwakukulu, ndipo gadiyani aliyense ayenera kukumvetsa. Pa siteji 3 madokotala amalimbanabe kuti matendawo atheretu: kemo kaye kuti chotupa chichepe, kenako opaleshoni, kenako radiotherapy. Pa siteji 4 nthawi zambiri matendawo satheratu. Cholinga chimakhala kuwagwira kuti asathamange, kuchepetsa ululu, ndi kumupatsa munthu miyezi kapena zaka zoti akhale moyo wake. Ena amakhala nthawi yochepa, ena amatha zaka zingapo akugwira ntchito zawo. Palibe dokotala amene angakuuzeni tsiku.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo anthu 670,000 anamwalira nayo. Limanenanso kuti m'mayiko olemera, mwa amayi 100 opezeka ndi matendawa, oposa 90 amakhala ali moyo patatha zaka 5, pomwe ku India ndi 66 ndipo ku South Africa ndi 40. Matendawo ndi amodzi. Zosiyana ndi nthawi imene munthu wafikira kuchipatala ndi chithandizo chimene wachipeza atafika. Kuno kwathu ambiri amafika ngati azakhali, zinthu zitapita kale patali. Choncho kukamba za khansa ya m'mawere ku Malawi osatchula siteji 3 ndi 4 n'kusiya panja amayi ambiri amene ali pa mzere.

Mankhwala alipo, ndipo si amtundu umodzi

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti khansa za m'mawere sizifanana. Kanyama kaja akakayeza bwino ku labu, amatha kuona chimene chikudyetsa chotupacho. Zambiri zimakula ndi mahomoni a amayi, makamaka estrogen. Zina, pafupifupi imodzi mwa zisanu, zimakhala ndi puloteni yochuluka yotchedwa HER2. Zina zilibe zonsezi, ndipo amazitchula kuti triple negative. Zotsatira zimenezi ndi zimene zimasankha mankhwala, ndiye funsani ngati zinayezedwa.

Ngati chotupa chikudya mahomoni, pali mapiritsi otseka njira imeneyo. Odziwika kwambiri ndi tamoxifen, amene munthu amamwa tsiku lililonse ali kunyumba kwake. Kwa amayi amene anasiya kusamba palinso anastrozole ndi letrozole. Tamoxifen amatha kubweretsa kutentha kwa mwadzidzidzi m'thupi ndi thukuta la usiku. Mwendo ukatupa n'kumawawa, kapena magazi akamatuluka mosayembekezereka kumaliseche, pitani kuchipatala msanga. Komanso munthu sayenera kutenga mimba ali pa mankhwalawa.

Kemo ndi amene ambiri amamuopa. Mankhwala monga doxorubicin, cyclophosphamide ndi paclitaxel amalowa kudzera mu dripi, kawirikawiri kamodzi pa milungu itatu iliyonse, ndipo palinso capecitabine wa mapiritsi. Kemo amapha maselo amene akuchulukana msanga. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo asilikali a m'thupi amatsika. Asanakuikeni dripi ina amayeza kaye magazi. Munthu wa pa kemo akatentha thupi kufika madigiri 38, si za panado n'kugona ayi, ndi zothamangira kuchipatala usiku womwewo.

Kwa a HER2 kuli trastuzumab, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Herceptin. Anavomerezedwa ku America mu 1998, ndipo WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, koma ndi wodula ndipo amayi ambiri mu Africa samufikira. Chimodzimodzi mapiritsi atsopano monga palbociclib ndi ribociclib, amene amaphatikizidwa ndi mankhwala a mahomoni aja. Awa ndi amene ndinkawaona pa Google usiku uja. Kusawapeza kumapweteka, koma sikutanthauza kuti palibe chochita.

Khansa ikalowa m'mafupa, dripi ya zoledronic acid imathandiza kuti mafupa asathyoke msanga. Radiotherapy nayo imachepetsa ululu wa m'fupa, nthawi zina ngakhale ataichita kamodzi kokha. Chenjezo limodzi lisungeni m'mutu: msana ukawawa kwambiri, miyendo n'kuyamba kufooka kapena dzanzi, kapena munthu akulephera kugwira mkodzo, mwina chotupa chikufinya mtsempha waukulu wa mumsana. Pamenepo kuchedwa kwa masiku ochepa kungamusiye munthu osayendanso.

Opaleshoni yochotsa bere pa siteji 4 sichitika kwa aliyense, chifukwa matendawo amakhala ali kale kwina. Nthawi zina amaichita pofuna kuthana ndi bala. Ndipo mphekesera yoti mpeni ukakhudza chotupa khansa imalusa si yoona. Anthu ambiri amafika pa mpeni matenda atakula kale, ndiye zikavuta mlandu umagwera mpeniwo.

Nanga kuno chithandizo chili kuti?

Chithandizo cha khansa m'dziko muno chimapezeka makamaka ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli National Cancer Centre. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe makina a radiotherapy, moti odwala ankadikirira kutumizidwa kunja, monga ku India. Mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinatsegulidwa ndi makinawa, ndipo mu 2025 National Cancer Centre inakhala malo oyamba a boma opereka radiotherapy.

Palinso chithandizo chimene ambiri amachithawa chifukwa cha dzina lake, palliative care. Anthu amaganiza kuti akakutumiza kumeneko ndiye kuti akutaya. Zoona zake n'zakuti ndi chisamaliro chothana ndi ululu, mabala, nseru ndi nkhawa, ndipo chimayenda limodzi ndi kemo kapena mapiritsi. Ku Gulupu kuli kiliniki ya Tiyanjane. Ku Salima kuli Ndi Moyo, malo amene namwino Lucy Finch anawatsegula mu 2007. Morphine wakumwa, akamaperekedwa pa mlingo woyenera, safulumizitsa imfa. Amangofuna kumwedwa pa nthawi yake, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa amadzimbitsa. Ngakhale fungo la bala lili ndi mankhwala ake: anamwino amagwiritsa ntchito metronidazole pa balapo. Kwa azakhali, fungo litachepa m'pamene anayambiranso kukhala pakhonde ndi anthu.

Zonsezi ndi mankhwala. Vuto n'lakuti mankhwala sagwira ntchito mwa munthu amene wasiya kubwera.

Mayi wa duku

Tinakumana nawo tsiku la kemo woyamba. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo anali atakhala ndi khansa yofalikira kwa zaka zitatu. Ataona azakhali akunjenjemera, anasendera pafupi.

"Achemwali, koyamba eti? Musadabwe mkodzo ukafiira lero, ndi mtundu wa dripi yofiirayo, si magazi. Tsitsi liyamba kugwa pakatha milungu iwiri. Ine ndinameteratu ndekha, kuti lisandigwere pa pilo."

Namwino anali atanena zina mwa zimenezi, koma anali ndi anthu ambiri omudikira, ndipo azakhali sanamve kanthu chifukwa cha mantha. Kwa mayiyu anamva, chifukwa anavula duku n'kuwaonetsa tsitsi limene linameranso. Anatiuza kuti tizibwera m'mamawa, tizinyamula madzi ndi kachakudya, tizilemba mafunso papepala tisanalowe kwa dokotala, ndipo buku la kuchipatala tizilijambula pa foni tsamba lililonse kuopa kuti lingatayike. Anatenga nambala yanga n'kutilowetsa m'gulu lawo la WhatsApp, la amayi osakwana 30.

Atalandira kemo wachiwiri, azakhali anasanza masiku anayi. Tsitsi linapita. Achibale ena anayamba kunena kuti mankhwala achizungu ndi amene akuwapha, ndipo munthu wina anabweretsa botolo la malita awiri la madzi akuda, ati amasungunula chotupa chilichonse. Azakhali ananenetsa kuti kuchipatala sabwererakonso. Ine ndinawachonderera, ndinawawerengera za pa intaneti, mpaka ndinakalipa. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana, unalawapo dripi imeneyi?"

Sindinalawepo, koma aphunzitsi aja anali atailawa. Tsiku la kemo wachitatu litadutsa osatiwona, anandiimbira n'kupempha kuti ndiwapatse foni azakhali. Anacheza pafupifupi ola. Sanawalonjeze kuti achira. Anawauza kuti iwonso anafuna kusiya pa dripi yachiwiri, kuti nseru ili ndi mankhwala ake ndipo akauze dokotala kuti amene anawapatsa sakugwira, komanso kuti botolo lija alitenge akalionetse kuchipatala. Sabata yotsatira tinakwera minibasi. Dokotala anasintha mankhwala a nseru. Bala linayamba kuuma pa dripi yachinayi, ndipo atamaliza kemo anawaika pa tamoxifen.

Kodi gulu limatalikitsa moyo?

Funsoli akatswiri analifufuza. Mu 1989 David Spiegel wa ku yunivesite ya Stanford ku America anatulutsa kafukufuku wa amayi 86 a khansa ya m'mawere yofalikira. Amene ankakumana m'gulu sabata iliyonse anaoneka kuti anakhala moyo pafupifupi miyezi 18 kuposa anzawo. Nkhaniyi inamveka dziko lonse. Koma mu 2001 Pamela Goodwin ndi anzake ku Canada anayesanso ndi amayi 235, ndipo anapeza kuti gululo silinawonjezere masiku a moyo. Chimene linachita n'kuchepetsa nkhawa ndi mmene amayiwo ankamvera ululu, makamaka amene anali osweka mtima kwambiri poyamba.

Phunziro lake n'lomveka. Kucheza sikuchepetsa chotupa, ndipo wina akamwalira si chifukwa choti sanalimbe mtima mokwanira. Mawu oti "ingolimbani mtima muchira" amamusenzetsa wodwala mlandu umene si wake.

Koma ku Canada amayi a mbali zonse ziwiri ankalandira chithandizo chawo cha kuchipatala. Kuno nkhondo yaikulu ndi yoti munthu afike pa chithandizocho n'kukhalapo mpaka kumapeto. WHO, mu ndondomeko yake ya Global Breast Cancer Initiative imene inayamba mu 2021, ikufuna kuti odwala 80 mwa 100 alionse azimaliza chithandizo chawo osasiyira panjira. Apa m'pamene mnzako wa pabenchi amagwira ntchito imene dokotala sangaikwanitse yekha.

Ndipo izi si zachilendo kwa ife. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulele mu 2004, dziko lino linaphunzira kuti mapiritsi okha sakwanira. Magulu a anthu amene ali ndi HIV, monga a NAPHAM, ndi ma expert client a m'zipatala ndi amene ankalimbikitsa anzawo ndi kulondola osiya mankhwala. Luso limenelo tili nalo kale. Chotsala n'kulipititsa ku wodi ya khansa mwadongosolo, m'malo modalira mwayi wokhala benchi limodzi ndi munthu wabwino.

Ena anayamba kale kutsegula njira. Blandina Khondowe, amene anali Miss Malawi mu 2002, anakamba poyera za khansa yake ya m'mawere n'kuyambitsa Think Pink Malawi, ndipo anamwalira mu Novembala 2020. Palinso bungwe la Women Coalition Against Cancer. Komabe mwezi wa Okutobala ukafika, uthenga wambiri umakhala wa kudziyeza msanga ndi wa amene anachira. Uthengawo ndi wofunika, koma mayi wa siteji 4 amaumva ngati akumuuza kuti iye anachedwa, basi zake zada. Nayenso akufunika malo ake pa zokambirana zimenezi.

Si gulu lililonse la pa foni lili labwino

M'magulu ena a pa WhatsApp ndi Facebook mwadzaza amalonda. Lero masamba a soursop, mawa soda wosakaniza ndi mandimu, mkuja mapiritsi a "detox" a ndalama zambiri. Palibe umboni woti zimenezi zimachiza khansa mwa munthu, ndipo zitsamba zina zimavulaza chiwindi kapena kusokoneza kemo. Chilichonse chimene wodwala akumwa, kaya ndi zitsamba, kaya ma ARV, kaya mankhwala a BP, dokotala adziwe.

Gulu la azakhali linali ndi malamulo ochepa koma okhwima. Malonda ayi. Kugawana mapiritsi ayi, chifukwa tamoxifen amene akuthandiza uyu sangathandize wa triple negative. Kutenga screenshot n'kutumiza kunja ayi. Funso la mankhwala likabwera, yankho linali loti ukafunse kuchipatala, ndipo munali namwino mmodzi amene ankawongola zolakwika. Wina akasowa thiransipoti ankasonkherana kangachepe pa foni. Wina akamwalira, uthenga sunkangoponyedwa m'gulu pakati pa usiku. Ankayamba aimbirana kaye, makamaka amene anali pafupi naye.

Ngati mukufuna gulu lotere, poyambira pabwino ndi kwa namwino wa ku wodi ya khansa kapena wa palliative care, chifukwa amawadziwa odwala akale amene amalola kucheza ndi atsopano. Ngati kulibe, amayi atatu osinthana manambala pa mzere ndi gulu kale.

Ifeyo magadiyani

Kwa anzanga amene foni yakupatsani udindo, nazi zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Polowa kwa dokotala funsani molunjika: ndi siteji yanji, chotupacho ndi cha mtundu uti, ndipo cholinga cha mankhwalawa n'kuchiza kapena kugwira matenda? Funsani chochita ngati mankhwala ena palibe tsiku limenelo. Ikani alamu ya mapiritsi ndi tsiku lobwerera. Musamubisire wodwala matenda ake ngati iye akufuna kudziwa, chifukwa ali ndi ana, ngongole ndi munda zoti akonze. Musaike chithunzi chake pa status musanamupemphe, ngakhale mukufuna thandizo la ndalama.

Ndipo vomerezani kuti pali zina zimene sangakuuzeni inu. Azakhali sakanakamba ndi ine za mmene amalume ankawaonera bere litachita bala, kapena za mantha a usiku. Ankakamba ndi anzawo aja. Ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti foni ili ndi moto ndi mayunitsi, n'kutuluka panja.

Komanso dziyang'anireni nokha. Chotupa m'bere kapena m'khwapa, khungu lokhwinyata ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa mkati kapena yotulutsa magazi, zonsezi ndi zokaonetsa kuchipatala ngakhale sizikupweteka. Zotupa zambiri si khansa, koma amene angadziwe ndi woyeza. Mukapatsidwa maantibayotiki chotupa osachoka, bwererani mukapemphe kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu. Abambo nawonso imawagwira, ngakhale ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100.

Aphunzitsi aja anatisiya chaka chatha, matenda atafika m'chiwindi. Azakhali anapita kumaliro, ndipo atabwerako anakhala masiku angapo osayankhula zambiri. Ndinaopa kuti sutikesi ija itsikanso. Koma tsiku lawo la kuchipatala litafika anadzuka m'mamawa, ananyamula mabotolo awiri a madzi, lina lawo, lina la aliyense amene akhale naye pafupi.

Papita zaka ziwiri chigawireni zitenje zija. Khansa ikadalipo m'mafupa, ndipo sikani iliyonse imatigonetsa ndi mantha. Masiku ena msana umawagoneka, masiku ena amapita kumsika kukagulitsa kaunjika wawo. Mwezi watha ndinawapeza pa benchi lija akuuza mtsikana wa msinkhu wanga za dripi yofiira ndi tsitsi.

Titafika kunyumba anandiitana kuchipinda.

"Iwe, chitenje changa chobiriwira chija ubweze. Ndipo ukwatiwo ufulumire, ine sindingadikire mpaka kalekale."